Phunziro la Elinati, Dzina la Dyson

"Ndiye ukufuna mlongo wako achotsedwe sukulu chifukwa cha dongo?"

Anabanda anafunsa osadzutsa mutu, manja ali kalikiliki kuthothola nsawa pamkeka. Mwana wawo Elinati anali chiimire pakhomo pa khitchini, foni ili m'manja. Kalata yochokera ku koleji anali atawawerengera kawiri konse, kachiwiriko akumasulira mofatsa, koma pa zonse zimene anafotokoza mayi akewo anangotolapo mlongo ndi dongo.

"Amayi, nkhani si dongo. Ndi ntchito yanga ya miyezi itatu. Achimwene aitenga n'kulembapo dzina lawo."

"Aitenga apita nayo kuti? Si ili m'foni mwako momwemo? Munthu akakubera mbuzi, m'khola mumatsala pululu. Iwe chako uli nacho, iyenso ali nacho. Wakubera chiyani?"

"Dzina, amayi."

"Iye ndi Mbewe, iwenso ndiwe Mbewe. Bambo anu anali mmodzi."

Anabanda sankagonja pa mkangano. Ngakhale malemu amuna awo, zikafika pamenepa, ankangotenga khasu n'kulowera kumunda.

Nkhani yake inali yotere. Elinati ndi mlongo wake wamkulu, Dyson, onse ankaphunzira digiri ya uphunzitsi pa intaneti, ku koleji ina ya ku Lusaka imene onse awiri anali asanaonepo ngakhale geti lake. Dyson anali wachiwiri kwa ahedi pasukulu ya boma ya m'mbali mwa msewu wopita ku Chadiza, ndipo digiriyo ankaifuna kuti mpando wa uhedi usamudutse. Elinati anali atamaliza kosi ya uphunzitsi zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, koma maina a olembedwa ntchito ndi boma akamatuluka, lake silinkaoneka. Ankaphunzitsa giredi wani pasukulu imene makolo anamanga okha ku Pembamoyo, ana makumi asanu ndi awiri, mabuku atatu. Digiri ndiyo inali khomo lokhalo limene ankaliona kutsogolo kwake.

Koleji imeneyi inali ndi mwambo wake. Phunziro lililonse limene wophunzira wakonza linkaikidwa mu laibulale ya pa intaneti yosatseka, kuti mphunzitsi aliyense, kaya ali ku Mongu kaya ku Mpika, alitenge ulere, alisinthe mmene akufunira, aphunzitsire ana ake. Ngakhale pa asayimenti munthu ankaloledwa kutenga phunziro la mnzake n'kulikonzanso mwa njira yake. Lamulo linali limodzi lokha, loti pansi pake ulembe kuti ndatenga kwa uje. Kamzere kamodzi, koti ngakhale mwana wa giredi folo akhoza kulemba.

Elinati anakonza lake lophunzitsa ana kuwerenga popanda mabuku. Ana ankaumba zilembo ndi dongo la kudambo, n'kuziyanika, kenako n'kumaziyala pansi kupanga mawu. Tsiku lotumiza litayandikira, netiweki ya kumudzi inali ikuchita zake za masiku onse, choncho anapereka kamemore kadi ndi nambala yake yachinsinsi kwa Dyson, amene ankapita ku boma panjinga yamoto Lolemba lililonse. Dyson anatumizadi. Anayamba kutumiza m'dzina lake Lolemba, atasintha mutu ndi dzina la sukulu, ndipo la mwini wake anadzalitumiza Lachitatu. Kompyuta ya ku koleji siidziwa za chibale. Inaona mapepala awiri ofanana ngati mapasa, aliyense akuti ndi langalanga, ndipo kalata inatuluka. Pakatha masabata awiri onse adzaonekere pa vidiyo. Wopezeka kuti anakopera adzaimitsidwa chaka chathunthu, ndipo akuntchito kwake adzauzidwa.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. Anali Lameck, mwamuna wa Elinati, amene ankasema goli la ng'ombe kumeneko. Pokhala mkamwini sakanayang'anizana ndi apongozi ake, choncho mawu ake anawadutsitsa mwa mkazi wake, ngakhale onse atatu ankamvana bwinobwino.

"Amake Tionge, tawauzani amayi kuti dongolo ndinkakatuta ndine pangolo, maulendo anayi. Alamuwo kudambo sindinawaoneko."

"Elinati," anatero Anabanda, "uwauze amuna akowo kuti azisema goli lawo. Nkhani za mbumba ino zili ndi eni ake."

Kasemasema kanayambanso kulira kuseri kuja, mwamphamvu kuposa poyamba.

Dzuwa litapendeka Elinati anapalasa njinga kupita kunyumba za aphunzitsi kumene mlongo wake ankakhala. Anamupeza pakhonde, laputopu ili pamiyendo, nsapato atavula. Mkazi wake anatulutsa mpando, anapereka moni mothamanga, n'kulowa m'nyumba osatulukanso.

"Achimwene, kalata mwaiona?"

"Ndaiona. Khala pansi, usaime ngati wabwera kudzagwira mbava."

Elinati anakhala pamphepete pa mpandowo. "Bwanji simunangolemba kuti mwatenga kwa ine? N'zololedwa. Mukanandipempha ndikanakupatsani ndi manja awiri. Ndikanakuthandizaninso kulisintha kuti ligwirizane ndi ana a pano."

Dyson anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, pang'onopang'ono, monga ankachitira makolo akabwera kudzadandaula ku ofesi.

"Elinati, laibulale ija aliyense amalowamo. Aphunzitsi anga asanu ndi atatu amalowamo. Akuofesi ku boma amalowamo. Ndiye atsegule, apeze kuti a Mbewe, adepyute, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pa choko, atenga nzeru kwa mlongo wawo wamng'ono wa pasukulu yofolera udzu? Ndikadzaima pa asembule adzandiona bwanji?"

"Adzakuonani ngati munthu amene ali ndi mlongo wanzeru."

"Usandiyankhe ngati ndine mnzako."

"Pepani."

"Ine ndinkaganiza kuti ndikasintha mutu ndi dzina la sukulu zikhala zosiyana. Ndikanadziwa bwanji kuti makina awo amawerenga mpaka mkati? Komanso mwezi wonsewu ahedi akudwala, sukulu yonse ili pamutu panga. Unkafuna ndilephere?"

"Ndiye mukawauze zimenezo. Mwina akamva."

"Ndikawauze kuti alembe kalata ku ofesi? Uhedi ndiutaye ndikuuona?" Dyson anatseka laputopu n'kutsitsa mawu. "Tamvera. Iwe sunalembedwe ntchito. Kalata yako akaitumiza kwa yani? Kwa makolo a pasukulu pako, oti theka sadziwa kuwerenga? Ukangonena kuti unaona pepala langa n'kukopera, akuimitsa, basi. Chaka sichichedwa. Upume, ulime nsawa, chaka chamawa ubwerere. Koma ine ndikagwa, tagwa tonse."

"Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, achimwene. Kwa ine chaka chimachedwa."

"Ukaganize bwino. Ine ndine nkhoswe yako. Tsiku limene Lameck adzakusautse udzathamangira kwa yani?"

Sanakalipe ayi. Ananena mofatsa, ngati akumufunsa ngati amwa tiyi, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Elinati. Njira yonse yobwerera anapalasa mano ali gwa, ndipo atafika pamtunda wa pafupi ndi tchalitchi sanatsike kuti akankhe njinga monga mwa masiku onse. Mkwiyo unamukweza mpaka pamwamba.

M'mawa mwake anakwera pachulu cha m'munda wa amayi ake, pamene netiweki inkapezeka ikakhala ndi chifundo. Foni inalira nthawi yomweyo. Anali Petronella, mnzake wa m'kalasi wa ku Sinda. Anali asanaonanepo maso ndi maso, koma pagulu lawo la pa foni ankauzana chilichonse, kuyambira za mayeso mpaka za mano a ana.

"Mnzanga, zamveka. Usade nkhawa. Gulu lonse lili ndi mawu amene unkatitumizira kuyambira mu Malichi. Tsiku lija zilembo zonse zinang'aluka unatiuza ukulira, wayiwala? Zithunzi tili nazo, manja ako akuoneka. Ine ndinaphunzitsira kale ana anga, ndipo dzina lako ndinalemba. Tingotumiza zonsezi kwa Mayi Sakala, nkhani yatha."

Mayi Sakala ndiwo anali aphunzitsi awo a phunziro limeneli.

"Musatumize kaye," anatero Elinati.

"Chifukwa?"

"Ndi achimwene anga, Petronella."

"Nanga iwe sindiwe mlongo wawo? Chibale chake ndi cha mbali imodzi?"

Netiweki inathawa asanayankhe. Koma funsolo linatsika naye pachulu, ndipo masana atapeza amayi ake akupeta, anawauza mosazungulira kuti pa vidiyopo akanena zoona.

Anabanda sanakalipe. Anangoti, "Chabwino," anaika lichero pansi, n'kulowa m'nyumba mwawo. Madzulo mbale ya chakudya inabwerera mmene inapitira. M'mawa phala linazizira pakhomo mpaka nkhuku zinalizungulira.

Elinati analowa n'kugwada pafupi ndi mphasa. "Amayi, mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi samwedwa m'mimba mulibe kanthu."

"Ndiye ndisamwe."

"Amayi, chonde."

"Ndidye za m'manja mwa munthu amene akufuna kuvula mwana wanga pagulu? Ine mwana wamwamuna ndinabereka mmodzi. Mudzi uno ukaitana mwini mbumba, amaima ndi iyeyo. Maliro a bambo ako anayendetsa ndani? Tionge atakomoka ndi malungo, anamuthamangitsira ku kiliniki ndani, mvula ili pamsana?"

"Zonsezo sindikukana."

"Ukukana. Pakamwa ukuvomera, koma zochita zako zikukana."

"Nanga ine simunandibereke?"

Anabanda anatembenukira kukhoma. "Iwe ndiwe mkazi. Kupirira umakudziwa."

Pofika tsiku lachitatu nkhani inali itamera miyendo. Pamjigo azimayi ankati akamuona Elinati macheza n'kuduka. Ena ankati akufuna kumangitsa mlongo wake pa intaneti, ena ankati wamugulitsa kwa azungu a m'foni. Azimayi a kutchalitchi anabwera atatu, anaimba nyimbo ziwiri pakhomo pa Anabanda, ndipo potuluka mmodzi anamukumbutsa Elinati kuti digiri siiika munthu m'manda, amaika ndi abale. Za kamzere kamodzi kaja palibe anafunsa, ndipo iye anali atatopa kukafotokoza.

Kumunda, akuzula nsawa zotsala, Lameck analankhula momasuka popeza kunalibe apongozi.

"Amake Tionge, amayi amadya. Makoko a mbatata ndawaona kuseri kwa nyumba yawo, ndipo si mbuzi inawasenda."

"Mwawaona akudya?"

"Makoko ndawaona."

"Ndiye mukufuna ndiwayese mpaka agwe? Akafa, mudzi uno udzaloza yani? Inu mudzamanga katundu wanu n'kubwerera kwanu ku Zingalume. Ine ndidzapita kuti?"

Lameck anakutumula dothi ku nsawa kwa nthawi yaitali. "Ine ndinkakuonani mukulemba pepala lija mwana ali kumsana," anatero. "Ndi zokhazo ndimati ndinene."

Tsiku lachinayi Anabanda anatuluka kuti akhale padzuwa. Anayenda mapazi atatu, anadzandira, n'kugwa chammbali pafupi ndi mtondo. Kaya inali njala yeniyeni, kaya chiyani, Elinati analibe mtima wofufuza. Anathamanga ndi kapu ya thobwa, anawadzutsa mutu n'kuutsamiritsa pachifuwa pake. Milomo yawo inali yotsekeka ngati ya mwana wokana mankhwala.

"Imwani, amayi. Ndikanena kuti ndinakopera ndine."

Anabanda anamwa kapu yonse osapumira, n'kufunsa ngati mumphika mwatsala lina.

Tsiku la vidiyo anapita ku boma onse awiri panjinga yamoto, Elinati ali kumbuyo. Anafika nthawi isanakwane n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pamene netiweki inali yamphamvu. Pamenepo m'pamene Dyson anakumbukira kuti pepala limene ankati ndi lakelo anali asanaliwerenge mpaka kumapeto.

"Akandifunsa za dongo ndikati chiyani?"

Elinati anamuyang'ana. Anafuna kuseka, anafunanso kulira, koma anangoyamba kuphunzitsa.

"Dongo la kudambo lokha limang'aluka. Mumasakaniza ndi mchenga, magawo atatu a dongo, limodzi la mchenga. Zilembo mumayanika pamthunzi masiku awiri, kenako padzuwa."

"Pamthunzi masiku awiri. Chifukwa?"

"Zikauma msanga zimasweka. Mumayamba ndi zilembo za m'maina a anawo, chifukwa mwana saiwala chilembo cha dzina lake. Bwerezani."

Dyson anabwereza. Analakwitsa, anamukonza, anabwerezanso. Anthu odutsa ankaona mphunzitsi wovala tayi akugwedeza mutu pamaso pa mayi wovala chitenje chofwifwa, ndipo sankadziwa kuti akuona munthu akunola mpeni woti umucheke yekha.

Pa laputopu panaoneka Mayi Sakala ndi abambo ena awiri a ku koleji. Dyson anayankha mafunso onse m'Chingerezi chosalala, za mchenga, za mthunzi, za maina a ana, mpaka mmodzi wa abambo aja anagwedeza mutu mokhutira. Itafika nthawi yake, Elinati ananena mawu amene anali atawaloweza panjira. Anati anaona pepala la mlongo wake, nthawi inamuchepera, ndipo anakopera.

Mayi Sakala anayandikira, nkhope yawo n'kudzaza laputopu yonse, ndipo anasiya Chingerezi.

"Elinati, ine kwathu ndi ku Katete. Tiyeni tilankhule chakwathu. Mafunso amene mwakhala mukundifunsa chaka chonsechi ndimawakumbukira, ndipo kalembedwe kanu ndimakadziwa. Ngati pali china choti munene, nenani pano. Ndikatseka apa sindingathenso kukuthandizani."

Mawu anamufika Elinati pammero, anafika pa lilime. Pambali pake Dyson anali phee, maso ali pa laputopu, koma bondo lake linkanjenjemera. Elinati analiona bondolo, anakumbukiranso kulemera kwa mutu wa amayi ake pachifuwa.

"Palibe, madamu."

"Mukutsimikiza?"

"Ndinakopera ndine."

Mayi Sakala anapumira m'mwamba n'kubwerera ku Chingerezi. Chigamulo chinali chija cha m'kalata, chaka chathunthu. Pobwerera Dyson anaima pamsika n'kumugulira botolo la chakumwa chozizira. Elinati analigwira njira yonse osalitsegula, ndipo atafika kunyumba analipereka kwa Tionge.

Masabata awiri otsatira anali ozizira. Nambala yake yachinsinsi inasiya kugwira ntchito. Petronella anatumiza mawu amodzi okha, akuti, "Wandikhumudwitsa," ndipo Elinati sanayankhe popeza nayenso anali atadzikhumudwitsa. Anabanda anachira msanga, ankadya bwino, ndipo ankauza aliyense kuti anabereka ana omvera. Kusukulu ana ankayalabe zilembo zawo pansi, akuwerenga mokuwa, koma mphunzitsi wawo ankangowayang'ana ngati akuyang'ana munda wa eni.

Phunziro lija linalowa mu laibulale m'dzina la Dyson Mbewe, ndipo linayenda. Aphunzitsi a kutali analitenga, analiyamikira, ndipo mwaulemu wonse ankalemba pansi pake kuti atenga kwa a Mbewe a ku Chadiza. Akuofesi nawonso analiona. Kalata inazungulira masukulu onse a m'deralo, mpaka ya udzu ya Elinati, yoti Lachisanu aphunzitsi onse akasonkhane kusukulu ya a Mbewe, akaone ndi maso mmene njira yatsopanoyi imayendera.

Lachitatu Dyson anatulukira pakhomo, nkhope ili ngwee.

"Mwamva, amayi? Akubwera akuluakulu awiri. Uhedi uja tsopano uli m'manja." Anatembenukira kunkhokwe. "Alamu, mawa munditutire dongo pangolo."

"Ng'ombe zikutsimphina," anayankha Lameck. Ng'ombezo zinali potero, zikudya msipu, miyendo yonse ili bwinobwino.

"Chabwino, nditumiza ana a giredi seveni. Elinati, iwe Lachisanu ufike m'mamawa. Ukhale pafupi, mwina pangafunike wogawa dongo."

Anabanda anamuyang'ana mwana wawo wamkazi, maso ali tong'o.

"Ndibwera," anatero Elinati. "Kalata ndalandira."

Lachisanu anavala diresi lake la kutchalitchi, anatenga kope ndi cholembera, n'kupalasa njinga. Sanafike m'mamawa. Anafika pamodzi ndi anzake, n'kukhala pabenchi la kumbuyo pansi pa mitengo, pakati pa aphunzitsi pafupifupi makumi anayi. Ena anamupatsa moni, ena anagwirana zigongono. Nkhani ya kuimitsidwa kwake inali itafika kale paliponse, ndipo mayi wina anakokera chikwama chake pafupi ngati kuti wokopera pepala angabenso sopo.

Akuluakulu awiri aja anakhala kutsogolo pamipando ya mu ofesi. Ana a giredi wani, makumi asanu ndi limodzi, anakhala pansi pabwalo. Dyson analankhula theka la ola, ndipo kunena zoona analankhula bwino. Za magawo atatu a dongo, za mthunzi, za maina a ana, zonse zinatuluka mwadongosolo, anthu akulemba m'makope. Elinati ankamva mawu ake omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, ngakhale malo opumira anali omwewo a pansi pa mango paja.

Kenako anati tsopano tione. Analamula kuti mabeseni a dongo aikidwe pakati pa ana, aliyense atape.

Elinati anatseka maso. Zimenezi sizinali m'pepala, chifukwa ankaona ngati aliyense amazidziwa. Mwana wa giredi wani sumupatsa dongo asanakhale m'gulu la anthu asanu, asanaone chilembo chimene akaumbe, asanauzidwe kuti manja akhale pamutu mpaka mphunzitsi awombe m'manja. Iye zinamutengera mwezi wathunthu ndi madiresi awiri kuti aziphunzire.

Atatsegula maso, ana onse anali ataunjikana pamabeseni. Dongolo linali lamadzi kwambiri, ndipo mchenga umene unatchulidwa bwino m'Chingerezi munalibe. Anyamata anayamba kuumba ng'ombe. Wina anapaka mnzake kumaso, wopakidwayo anabwezera, beseni limodzi linagubuduzika, ndipo kamwana kena kanayamba kulira mokweza. Chibuma chinauluka n'kukatera pa nsapato ya mmodzi wa akuluakulu aja.

"Chete! Khalani pansi! Ndati khalani pansi!"

Palibe anamva. Dyson anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna ndodo, n'kukumbukira kuti pali alendo. Thukuta linadutsa pakolala. Pamabenchi ena anayamba kubisa nkhope m'makope.

Manja a Elinati ankayabwa. Ankadziwa kuti kuwomba katatu ndi kanyimbo kamodzi kukanakhazika ana onsewo pansi, ndipo anawamvera chisoni, chifukwa iwo sanalakwe kanthu. Anakanikiza manjawo pakati pa mawondo.

Maso a Dyson anayenda pamabenchi mpaka anamupeza.

"Elinati! Mayi Mbewe, tabwerani kuno mudzathandize."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Elinati anaimirira mwaulemu, anakonza diresi, n'kupinda mawondo pang'ono monga amachitira mwana wolankhula ndi akulu. Mawu ake anamveka mpaka kumipando ya kutsogolo.

"Pepani, aphunzitsi. Ine ndine uja ndinakopera. Ndabwera kudzaphunzira kwa eni ake. Pitirizani, tikuona."

Anakhala pansi. Sanamve kukoma kulikonse, koma sanaimirirenso.

Mkulu wa nsapato yamatope uja anamuyang'ana Elinati kwa kanthawi, kenako anayang'ana Dyson, n'kupinda manja pachifuwa.

"Pitirizani, a Mbewe."

Kamtsikana kena, dongo likuchucha m'zala, kanakoka buluku la Dyson.

"Aphunzitsi, tiumbe chiyani?"

Elinati anatsegula kope lake, misozi ili lengelenge, anagwira cholembera, n'kudikira yankho pamodzi ndi anzake onse.